Kalata Yopempha Thalakitala

Mpaka lero ndikamadutsa pachipata cha koleji ija ndimatsitsira chipewa kumaso. Alonda amandipatsa moni mwaulemu ndithu, koma ndikangopitirira pang'ono ndimawamva akuseka. Sindiwaimba mlandu. Ndinaziputa ndekha.

Ine ndinagwira ukalaliki pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo kuyambira tsitsi lili bii mpaka linachita mbuu. Inali nthawi yokoma imeneyo. M'mawa chiperoni chitakuta minda, amayi akutsetsereka ndi madengu kumsana, fungo la tiyi likuchokera kufakitale, ine ndili mu ofesi kutayipa ndi zala ziwiri. Kalata iliyonse inkatuluka ndi kope lake la kaboni. Bwana amene anandiphunzitsa ntchito ankati pakamwa pamaiwala koma pepala siliiwala, ndipo ndinawamvera mopitirira muyeso. Kunyumba ndili ndi masutikesi atatu a mapepala. (Akazi anga anaopseza kuti adzawakolezera moto. Ndinawalembera chenjezo, ndipo kope lake ndili nalo.)

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, koleji ya kufupi ndi kwathu inaitana makolo ndi anthu a midzi yozungulira. Ophunzira anali atachuluka, malo ogona atsikana n'kuchepa. A pulinsipolo, mayi wofatsa ndithu, anati apeza anthu akufuna kwabwino oti apereke malata ndi simenti zomangira hositelo, koma njerwa tiumbe ife. Tinaumbadi. Anabwera a kwa Kapichi, a kwa Changata, ena mpaka a kwa Nsabwe, tinawotcha mauvuni atatu kudambo. Chotsala chinali kuzikweza kumtunda, chitunda choti ukasenza njerwa zinayi umakafika ukuitana amako. Bwana manijala wa esiteti anati thalakitala apereka, bola pabwere kalata. Nanga kalata yotero akanalemba ndani, ine ndilipo? Ndinaitayipa, a pulinsipolo anasaina n'kudinda, ine n'kulonjeza kuti ndikapereka ndekha.

Thalakitala sinabwere. Mvula inagwa, udzu unamera pamauvuni, aja a malata anatopa n'kudikira n'kukathandiza kwina. Ine mtima unandipsa. Kutchalitchi, pamaliro, ngakhale pachigayo, ndinkauza aliyense kuti a koleji satsatira nkhani, ndipo a esiteti a masiku ano alibe umunthu.

Chaka chatha mdzukulu wanga Edina anasankhidwa kupita kukoleji yomweyo. Malo ogona anasowa. Anapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa malo omwera mowa, atsikana anayi m'kachipinda kamodzi, ulendo wa ola lathunthu kukafika m'kalasi. Tsiku lina anatipeza mabuku atanyowa.

"Agogo, ine ndikuganiza zongosiya. Phokoso lake munthu sungawerenge."

Woyamba m'banja lathu kuponda kukoleji, asiye? A koleji atangolengeza msonkhano wa makolo, ndinasita jekete n'kutulutsa fayilo yolembedwa kuti HOSITELO.

"Mwaiwerenga fayiloyo?" anafunsa akazi anga.

"Ndiiwerengerenji? Anailemba ndi ine."

Holo inadzaza. A pulinsipolo omwe aja anafotokoza za laibulale yodontha, za mipope youma ndi za atsikana ogona m'midzi. Asanakhale pansi n'komwe, ine ndinali nditaima kale.

"Mayi, mawu tawamva. Koma ine ndabwera ndi mapepala."

Anthu anaomba m'manja. A Namakhwa, mnzanga amene anali kapitawo pa esiteti, anakuwa ali kumbuyo: "Auzeni, akalaliki!"

Ndinawauzadi. Ndinawerenga zimene tinagwirizana pamsonkhano woyamba. Ndinatchula mayina a oumba njerwa, amoyo ndi omwalira omwe, pepala lake lidakali ndi chala cha matope. (Apa amayi ena anapukuta misozi.) Kenako ndinakweza m'mwamba kope la kalata ija.

"Nayi kalata yopempha thalakitala! Munaitsatira, mayi? Kapena munangokhala mu ofesi kudikira kuti njerwa zimere miyendo?"

"Bambo," anayankha mofatsa, "ndinapitako kawiri. Anati kalata sanaione. Ine ndinaganiza kuti anaitaya okha."

"Bodza limenelo! Onani pachikuto apa, ndinalemba ndi dzanja langa kuti YAPEREKEDWA."

Ndinagwedeza fayilo ija kuti aliyense aone. Ndi pamene panagwa envelopu. Inatsetsereka pasimenti mpaka pamapazi a a Namakhwa, amene anali atasunthira kutsogolo kuti amve bwino. Anaitola, n'kuitalikitsa ndi maso monga timachitira okalamba.

"Kwa bwana manijala," anawerenga mokweza. "Akalaliki, komatu iyi njomata. Ikutani muno?"

A pulinsipolo anaitsegula. Munali kalata yeniyeni ija, yosainidwa ndi iwo, chidindo chili chowala ngati cha dzulo.

Pomwepo ndinakumbukira. Tsiku loti ndikaipereke kunali chiperoni cha mvula yowaza, ndipo ndinaopa kuti inki isungunuka. Ndinaiika mu fayilo kuti igone pouma. Poti ndinkadziwa kuti mawa ndikapereka, ndinalemberatu pachikuto kuti yaperekedwa. Mawa lake ndinayang'ana pachikuto paja, n'kukhulupirira dzanja langa.

A Namakhwa anatsokomola.

"Koma yasungika bwino, abale. Ngakhale chiswe sichinailawe."

Kuseka kwake! Edina, amene anakhala ndi anzake cha pazenera, anabisa nkhope m'kope. Ine ndinayang'ana mpando wanga, koma unaoneka kutali kuposa dambo lija.

A pulinsipolo sanaseke, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa koposa. Anaibwezera kalata mu envelopu n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Poti yapezeka, bambo, mungakatiperekere?"

M'mawa mwake akazi anga anamanga chitenje n'kunditsatira. "Ndikufuna ndiione ikulowa m'manja mwa munthu," anatero. Manijala wa tsopano, amene bambo ake ankathyola tiyi ine ndili kale mu ofesi, anaiwerenga kawiri, n'kufunsa ngati makina otayipirawo akadalipo. Thalakitala anapereka, masiku awiri pa sabata.

Njerwa za kunja kwa mauvuni zinali zitafumbutuka, koma za m'kati zinali zolimba. Panopa khoma lafika m'mazenera, ndipo a pulinsipolo ayambiranso kuyenda m'maofesi kupempha malata amene akanakhala atakhomedwa kalekale. Edina adzamaliza maphunziro asanagonemo. Sukulu sanasiye ayi: a Namakhwa, amene nyumba yawo ili pafupi ndi koleji, anamupatsa chipinda. Anati mwana asavutike chifukwa cha ukhondo wa agogo ake.

Phunziro ndalitola, lakuti pepala siliiwala, komanso siliyenda lokha. Ndalilemba bwinobwino ndi inki yakuda, ndipo lili mu fayilo.