Ndalonjeza Intaneti Masukulu Atatu

Lolemba

Wonena ndine, akulemba ndi amayi ake Esinati, chifukwa ine sukulu ndinalekezera panjira. Ndawachenjeza kuti asawonjezere zawo.

Esinati wafika! Mwana wanga uja wa makompyuta. A ku ofesi ya maphunziro amupatsa ntchito yokonza pulani yolumikiza masukulu a dera lino la Lusaka pa intaneti: kuno ku Matero, ku George, mpaka ku Chunga. Pulaniyo ikufunika Lachisanu. Agona kuno sabata yonse, akuti kumene amachita lendi kuli bala ya mowa pafupi, kwathu kuno n'kwabata.

Cholinga changa n'chimodzi: mwana agwire ntchito mumtendere, Lamulungu tikakhale limodzi kutchalitchi, benchi yakutsogolo, anthu amuone. Papita zaka asanakhalepo nafe.

Zimene ndachita:
tebulo lalikulu ndamupatsa,
mpando wanga wa khushoni ndamupatsa,
ndauza anthu awiri okha, mkulu wa mpingo ndi wogulitsa makala.

Amayi ake akuti kuuza wamakala n'kuuza Matero yense. Zimenezi asalembe.

Lachiwiri

Malaiti apita m'mawa. Esinati akugwira ntchito ndi batire. Patebulo pali pepala lalikulu, mizere ngati nyumba ya kangaude. Wandifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndikubwereza mosamala kuti zilembedwe molondola. Sukulu kuti ilandire intaneti ikufunika malaiti kapena sola, chipinda chokhala ndi zitsulo m'mawindo, denga lolimba poimika mlongoti, ndi mphunzitsi mmodzi wosaopa kukhudza waya. Pakufunikanso amisiri oti zikawonongeka aziimbiridwa foni. Sukulu imene ili ndi zonsezi ndiyo idzayambe. Mutu wa mwana ameneyu!

Masana kwabwera ahedi a sukulu ina ya ku George, tayi pakhosi, tambala m'khwapa. Sakufuna Esinati, akufuna ine. Anthu odziwa ulemu, nkhani yaikulu imayambira kwa bambo. "Batate ba Esinati, imwe ndimwe bakulu. Mukambeko na mwana wanu, sukulu yathu inkhale yoyamba." Ndayankha kuti zimenezo n'zazing'ono. Munthu wakhala pakhonde lako, wakupatsa tambala ndi manja awiri, ungamuuze chiyani?

Tambala wonona. Esinati wadya ntchafu zonse, sanafunse kumene wachokera.

Lachitatu

Ahedi ena, amayi a ku Chunga. Thadzi m'dengu, pambuyo pawo wilibala, mu wilibalamo kompyuta yakufa. Akuti chiilandirire sinayakepo, mphemvu zinamangamo mudzi. Ndawauza kuti sukulu yawo ndiyo yoyamba. Sindinakonzekere, pakamwa panangotseguka.

Pakhonde tsopano pali izi zoti Esinati akonze:
kompyuta ya ku Chunga,
mafoni osweka a amayi a kwaya,
TV ya aneba imene imaonetsa anthu obiriwira,
ayironi. Ayironi!

Aliyense akuti angopereka moni. Moni uliwonse Esinati akutuluka, kugwada, kufunsa za ana kunyumba. Tinamulera bwino. Koma pepala lija mizere yake ili pomwe inali dzulo.

Msana ukuwawa ndi kunyamula mipando.

Lachinayi

Ahedi achitatu, a sukulu yathu ya kuno, kumene Esinati anaphunzira kuwerenga. Awa abweretsa bakha. Sukulu imene inandiphunzitsira mwana ndingaiike kumbuyo? Yoyamba.

Tsoka ilo, asanamalize tiyi, atulukira a ku George kudzamva mmene nkhani ikuyendera. Posakhalitsa a ku Chunga, kudzaona ngati kompyuta yauka. Onse atatu pakhonde langa, aliyense woyamba, aliyense mboni yake ndine. Phokoso! Bakha naye akuyankhira.

Esinati watuluka. Sanakweze mawu. Wawauza mwaulemu kuti pulani siyendera pakhonde la munthu, adikire yankho lochokera ku ofesi. Ahediwo atachoka wanditembenukira. "Atate, muziba kuti banganichose nchito? Bazakamba ati ninagulisa masukulu na nkhuku." Akuti zonse zibwerere kwa eni ake.

Ndamukumbutsa za ntchafu zija. Sanaseke.

Lachisanu

Ndadzuka, tebulo lili mbee. Pepala palibe, chikwama palibe.

Esinati waimba foni masana, kwa amayi ake. Pulani sinathe. Wakadziwulula yekha kwa mabwana ake za nkhukuzo asanamve kwa ena, ndipo amuwonjezera nthawi mpaka Lolemba. Akamalizira kwa mnzake ku Kalingalinga, kumene kulibe bambo. Mawu otsirizawa anena ndi amayi ake. Ndalola kuti alembedwe.

Ndafuula chapatali kufunsa za kutchalitchi. Akuti, "Tizaona."

Mwini ayironi wabwera. Akuti mwana wophunzira chonchi walephera ayironi?

Loweruka

Tsiku lobweza. Bakha ndamuperekeza wapansi, wandijompha padzanja. Kenako kumsika kukafuna tambala wolowa m'malo mwa wodyedwa uja.

Minibasi yodzaza, ine pakati, tambala uku, thadzi uku. Kondakitala: "Mudala, iyi ni basi, si khola!" Anthu kuseka. Ine bambo wa munthu wa makompyuta.

Ku George ahedi amutembenuza tambala, amukweza m'mwamba. Akuti wawo anali wamkulu.

Ku Chunga amayi aja andizungulitsa sukulu yonse. Makalasi ena alibe zitseko. Waya wa malaiti anaba akuba. Chipinda chimene anapatula kuti mudzakhale makompyuta, ukayang'ana kudenga ukuona mitambo. Achisesa bwino, aikamo matebulo m'mizere, chifukwa ana anauzidwa kale kuti intaneti ikubwera. Anawauza ndi ahedi. Ahediwo ndinawauza ndine. Alandira thadzi lawo, andiperekeza mpaka pageti.

Miyendo yatupa. Lero ndalekeza pomwepa.

Lamulungu

Benchi yakutsogolo: ine, amayi ake, pakati pathu chipewa changa.

Mkulu wa mpingo walengeza kuti mwana wa m'bale wathu waika intaneti m'masukulu onse a mu Lusaka, mpingo uwombe m'manja. Ndaimirira pang'ono, ndakhalanso msanga. Amayi a kwaya akundiyang'ana, mafoni awo adakali kwathu.

Madzulo Esinati waimba. Pulani yatha! Mawu ake ndi otopa koma salinso okwiya. Wafunsa za miyendo yanga. Ine ndafunsa mwakachetechete, ngati bambo chabe, kuti nanga yoyamba ndi sukulu iti. "Atate, muzamvela kwa bantu, monga aliyense."

Chabwino. Ndidzamva kwa anthu.

Akuti adzabweranso kudzagona kuno ntchito ikapepuka, koma tsiku lake wauza amayi ake okha. Ndawafunsa kuti ndi liti. Akungolemba.