Ndinagawa njinga yamoto ndili moyo

Anzanga, wailesi ndi yabwino, koma osati kwa munthu wamantha ngati ine. Tsiku lina ndikuyanika usipa pathandala, adokotala ena ankafotokoza kuti khansa ikuchuluka m'dziko muno, ndipo dera lililonse lili ndi yake. Ife akunyanja akuti yathu ndi ya chikhodzodzo, imayamba ndi likodzo lokhalitsa, chizindikiro chake magazi mumkodzo. Nanga ine wokulira m'madzi ku Makanjira, likodzo ndinadwala kangati?

M'mawa mwake ndikukataya madzi, ndikungoona zofiira. Wallahi, ndinati basi, khansa ija yandipeza. Akazi anga, mayi a Shakira, sindinawauze, ndinati angafe ndi mtima ine ndisanafe. Ndinangosiya kudya, n'kuyamba kuonda. Iwo poona choncho anati magazi andithera, ndiye kachakumwa kena kofiira kamene anali atangoyamba kundipatsa anakaonjezera, m'mawa kapu, madzulo kapu, ine n'kumangomwa, nanga munthu wakufa amafunsa za m'kapu? Mkodzo n'kumafiirirabe.

Ndinati ndikonze zinthu mwachimuna. Ndinaitana alamu anga a Yusufu, n'kuwauza kuti ulendo wanga wakwana, atenge njinga yanga yamoto, yomwe ija ndimanyamulira usipa, azidzathandizira ana. Analira ndithu, koma makiyi analandira ndi manja awiri.

Kenako ndinalimba mtima kupita kuchipatala. Nditafunsa koyezetsa khansa anandilozera benchi ina, ndinakhalapo bwinobwino ndi kofia yanga. Amayi okhaokha, akundiyang'ana uku akutsinana. Ine mumtima ndikuti amuna a ku Mangochi ndi amantha eti, wolimba mtima ndine ndekha. Namwino anatuluka n'kufunsa ngati ndaperekeza mayi akunyumba, ine n'kuyankha mokweza kuti ayi, ndabwera kudzayezetsa mwiniwakene.

"Bambo, pano timayeza khomo la chiberekero. Inu lanu mwabwera nalo?"

Benchi yonse inafa ndi phwete. Pamwamba pa izo panali mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi kwathu, moti nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike.

Anandiperekeza kwa adokotala, anayeza mkodzo uja, magazi mulibe, likodzo mulibe. Atafunsa zimene ndakhala ndikudya ndi kumwa, ndinaimbira mayi a Shakira. Kachakumwa kaja akuti ndi madzi a bitiruti, kambatata kofiira koonjezera magazi. Adokotala anati ndinachita bwino kubwera, koma bitirutiyo ndi amene amandipentera mkodzo.

Alhamdulillah! Ndinathamangira kwa a Yusufu ndi nkhani yabwino, dzanja nditatambasulira makiyi. Iwo anapukuta mpando wa njinga pang'onopang'ono.

"Alamu, tisapupulume. Tidikire kaye, madokotala nawonso amalakwitsa."

Mpaka lero tikudikira, ndipo usipa wanga umakwerabe njinga yomweyo, kungoti a Yusufu anaisandutsa kabaza, ine ndine kasitomala. Ndikadzaonanso zofiira ndidzayambira kuchipatala, pabenchi yoyenera, makiyi ali m'thumba mwanga.