Mabotolo a Bambo Prokop

M'tauni ya Tarbox munalibe munthu wokonda botolo lopanda kanthu ngati a Wendell Prokop. Mowa sankamwa, koma akaona chitini m'ngalande ankaimitsa galimoto pakati pa msewu, ngakhale ali pa mdipiti wa maliro. Ankati aphungu a chigawo chathu atsala pang'ono kukhazikitsa lamulo loti wobweza botolo kusitolo azilandira masenti asanu, ndiye iwo ankangosungiratu. Anasunga zaka makumi awiri ndi zitatu.

Amene ankaziona ndi mlongo wawo a Lavonne, poti ankakhala nyumba imodzi. Mabotolo anadzaza khola, ng'ombe n'kumagona panja chipale chofewa chikugwa. Kenako analowa m'nyumba.

"Achimwene, ndikasambe kuti? M'bafa mwadzaza zitini."

"Pirira, Lavonne. Lamulo lidutsa chaka chino."

"Chaka chatha munateronso."

"Chaka chatha aphungu anali ndi chimfine."

Chaka chilichonse a Lavonne ankawaperekeza kulikulu, a Wendell atavala suti imene bambo awo anakwatirira. Ulendo wina a Wendell anakhuthula thumba lathunthu la zitini patebulo la aphungu, amvekere zonsezi ndatola pa msewu umodzi wokha, wopita kutchalitchi. M'chitini china munatuluka mbewa. Phungu wina wojintcha anakwera pampando, ndipo a Wendell anamuthokoza kwambiri chifukwa choimirira kuvomereza lamulolo.

A Wendell anamwalira nyengo yokolola chimanga, ali pampando, ndodo yawo yotolera ili pamiyendo. Patatha miyezi isanu, lamulo linadutsa. A Lavonne anadzaza mabotolo m'galimoto n'kupita kusitolo, atavala chipewa cha malemuwo. Mayi wa pakauntala anatembenuza botolo limodzi, kenako lina.

"Pepani mayi, awa ndi akale. Tikulandira okhawo okhala ndi chidindo chatsopano."

"Onsewa?"

"Onse."

A Lavonne anaseka mpaka misozi, mayi uja n'kuwapatsa mpando. Mabotolo aja anabwerera nawo kunyumba.

Masiku ano ngalande za ku Tarbox n'zoyera, poti aliyense amabweza zake. A Lavonne amayenda m'mawa mpaka pamlatho, maso ali pansi, osapeza chotola. Anthu a kufakitale yosungunula magalasi abwera kawiri kudzapempha zam'khola zija, ndipo kawiri konse awauza kuti adzayesenso mwezi wamawa. Mphepo ikamaomba, mabotolo amalira m'kholamo, ndipo a Lavonne amasiya zenera la kukhitchini lotsegula.