Tambala wa Chinkhoswe Anakwera Sitima ya Katundu

Mpaka lero kwathu ku Nathenje kukakhala chinkhoswe sandituma kanthu. Amangondipatsa mpando.

Zinachitika titangoyamba zipani zambiri. Mwana wa mchemwali wanga ankatomera mtsikana wa ku Mitundu, ndipo ine, monga nkhoswe, ndinayenera kufika ndi tambala wokapereka kuchikazi Loweruka masana. Tambalayo ndinakamutenga m'mawa kwa alamu anga ku Kanengo. (Anali wakuda, choncho ndinamubisa m'thumba. Masiku amenewo ukanyamula tambala wakuda poyera anthu ankakufunsa za chipani.)

Alamu akundiperekeza kokwerera basi, mvula inakhuthuka. Pafupi panaima mabogi a sitima ya katundu, ena otsegula, opanda kanthu. Tinakwera m'bogi imodzi kuti tiuse.

Apa ndiulule kuti ndinali nditalembapo nkhani ya njanji imeneyi m'nyuzipepala. Ndinayamba kuwafotokozera alamu kuti inachokera ku Salima kumapeto kwa zaka za m'ma 70, kuti imabweretsa feteleza ndi mafuta n'kubwerera ndi fodya. Ndili pakati, bogi inagwedezeka. Alamu analumphira pansi n'kundikuwira:

"Alamu, tsikani!"

"Musachite mantha, akungosanja mabogi. Ipita pang'ono n'kubwerera."

Inapitadi pang'ono n'kubwerera. Ndinawayang'ana alamu monyada, iwo akunyowa.

"Mwaona?"

"Ndaona, koma tsikani ndithu. Inu simukundidetsa nkhawa, ndikudandaula tambalayo."

Inagwedezekanso. Ulendo uno nyumba za ku Kanengo zinayamba kuchepa. Ndinaimika dzanja ngati ndikuimitsa minibasi (sindikudziwa ndinkaimika ndani, dalaivala anali kutsogolo kwenikweni). Sitima ya katundu ilibe kondakitala woti umuuze kuti mutsitse apa. Imayenda pang'onopang'ono mokwanira kuti uwerenge mitengo, koma osati mokwanira kuti munthu wovala suti alumphe ndi tambala.

Ndinatsikira ku Salima, suti itayera ndi fumbi la feteleza, tambala ali wefuwefu ndi kutentha.

Ku Mitundu ndinafika Lamlungu. Chinkhoswe chinali chitachitika ndi tambala wobwereka kwa oyandikana nawo nyumba a kuchikazi komweko, ndipo mchemwali wanga sanandikalipire n'komwe.

"Achimwene, nkhukuyo ikapumule. Yayenda kwambiri."

Ndinaphunzirapo kanthu, ndikuvomera. Koma alamu akamaikamba nkhaniyi amadumpha mfundo imodzi, ndipo ndatopa kuwakumbutsa: ulendo woyamba uja sitimayo inabwereradi.