Mbava Zitatu ndi Poto wa Chikanda

"Kawalala ndiwe, Prudence! Iwe wamene, na milomo yako yofiira!"

Humphrey ankakalipira foni, chala chili pagalasi, ngati kuti mayi wa m'katimo amuyankha. Anali m'shabini ina ku Makululu, m'tauni ya Kabwe, dzuwa lili paliwombo, pamodzi ndi anzake awiri. Wina anali Daliso, wotchedwa Sipanala chifukwa chitsulo chilichonse chokhala ndi bawuti ankachiona ngati chake. Wina anali Mulenga, wowonda mpaka anthu anangomutcha Kapenta. Humphrey naye anali Jenerali, koma dzina limenelo anadzipatsa yekha, ndipo ankaligwiritsa ntchito yekhanso.

Prudence uja anali mayi wa kumayadi wolemba za zakudya pa Fesibuku. Kabwe yense ankamuwerenga. Ndiye ankauza anthu kuti kapenta azimutsuka ndi madzi ofunda kuti mchenga uchoke, kuti chakumwa cha munkoyo chogona masiku ambiri si chopatsa ana, kuti nyemba zonyika usiku sizimaliza malasha. Sabata imeneyo anaika vidiyo ya chikanda, chakudya chija cha mizu ya m'tchire ndi mtedza, ndipo pambaula panali poto wachitsulo wakuda, khutu limodzi lopindika.

"Iyi poto ni ya amai anga," anatero Humphrey. "Inabwera na sitima kuchoka kumawa, ambuya ataikumbatira monga mwana. Tonse takulira mu chikanda cha iyi poto. Manje ili kumayadi, ichita vidiyo!"

"Sitima ya kuti, mudala? Kumawa kunalibe njanji," anatero Kapenta.

"Iwe, nikamba za poto, osati za njanji."

"Nanga amai ako ba Eness akuti bwanji?" anafunsa Sipanala.

"Nikafunsa akuti, 'Siya vanga.' Ni nsoni chabe, manyazi. Olemera akakudyera, nsoni umamvera ndiwe."

Apa onse anagwedeza mitu, pakuti mawuwo anali olemera ndipo mowa unali wa Humphrey. Jenerali ananyika chala m'masese n'kujambula pulani patebulo. Loweruka m'mawa Prudence amapita ku saluni. Iwo adzalowa ndi wilibala ngati ogula zitsulo zakale, anyamule poto, aphimbe ndi malata, basi. Mbava zenizeni, iye anati, siziyenda usiku ngati afiti. Zimalowa pageti masana, zikupereka moni.

Loweruka geti analipeza losakhoma.

"Mwaona? Mulungu ali mbali ya osauka," anatero Jenerali.

"Tiguuula vinsimbi!" anakuwa Kapenta, mawu onse.

"Iwe mbuzi! Ukuwa chani?"

"Si ndiwe unati tizichita monga ogula?"

Mwamwayi m'nyumba yaikulu munkalira wailesi, ndipo palibe anasuzumira. Kuseri kunali kakhitchini kapadera, kazenera kamodzi ka zitsulo, komwe ankajambulira mavidiyo. Analowa n'kutseka chitseko.

Poto analipo. Koma anali pambaula, mtedza wosinja ukubwata pang'onopang'ono. Pambali panali mbale ya ufa wa chikanda, paketi ya soda, mchere, ndi botolo la mpilipili wouma, tsabola uja wokwiya ngati mavu. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti moto umenewu wasonkha ndani ngati mwini nyumba ali ku saluni. Jenerali sanadzifunse. Anagwira khutu la poto, n'kulumpha akuyamwa zala.

"Titaye chabe phala iyi, tiyende," anatero Kapenta.

"Kutaya nshawa? Unaleredwa na ndani iwe?" Humphrey anayang'ana wilibala kunja, anayang'ana poto, nzeru n'kumugwera ngati bango la padenga. "Mverani. Phala itayika mu wilibala. Koma chikanda chikalimba sichitayika. Tiphike. Tinyamule poto na chikanda chake, tikagulise ku steshoni."

"Uziba kuphika?"

"Ine? Nabadwira pafupi na iyi poto."

Zinali zoona. Anabadwira pafupi ndi poto, anakulira pafupi ndi poto, ndipo moyo wake wonse ntchito yake inali kudikira zokokota. Mthiko anali asanaugwirepo, kupatula masiku amene unkamugwira iye kumsana.

Analawa mtedza uja n'kukwinya nkhope. "Mwaona? Uyu mukazi saziba kanthu. Mchere ulibe, phala yamadzi. Amai anga akaona ivi angalire."

Anakhuthula ufa wonse wa chikanda kamodzi. Ophika amathira pang'onopang'ono, dzanja lina likutakasa, koma Jenerali analibe nthawi ya zachikazi. M'poto munatuluka mibulu ikuluikulu ngati miyala ya kumgodi.

"Faka soda, isungunula," anatero Kapenta. "Ba Prudence analemba ati ka supuni kang'ono."

"Ukhulupirira kawalala? Ka supuni ni ka anthu aulesi."

Paketi yonse inalowa. Chikanda chinafufuma, chinachita thovu, chinasintha mtundu n'kuyamba kukwera m'mbali mwa poto ngati chikufuna kuona amene akuchizunza. Humphrey anatakasa ndi manja awiri, thukuta lili chuchuchu. Pansi panayamba kununkha chopsa. Anakanikiza mwamphamvu, mthiko n'kuti thyo! Theka linatsala chilili m'chikanda ngati mtanda wa pamanda.

"Mpilipili ibisa fungo," anatero Kapenta, amene tsopano ankadziona ngati wachiwiri kwa wophika. Anagwedeza botolo, chivundikiro n'kufwamphuka. Tsabola wina anagwera m'poto. Wambiri anagwera pamalasha.

Amene sanapumepo utsi wa tsabola m'chipinda chotseka asamanene kuti amadziwa mavuto. Woyamba kuyetsemula anali Kapenta, mpaka anakhala pansi. Humphrey maso anangoti psuu, mamina ndi misozi zikupikisana.

"Segula chitseko! Sipanala, segula!"

Sipanala sanasunthe. Nthawi yonse anzake akuphika, iye anali chete pakona, ndipo Sipanala akakhala chete ndiye kuti ali pantchito. Anatulutsa m'thumba chogwirira cha chitseko, chonyezimira, mabawuti ake onse ali m'manja.

"Ni kopa iyi, mudala," anatero akutsokomola. "Pa sikelo ilipira bwino."

"Bwezapo!"

"Ka nsimbi ka pakati kagwera kunja."

Ndiye mbava zitatu zoopsa za ku Makululu zinapanikizana pakazenera kamodzi, mphuno zili pakati pa zitsulo, zikupempha anthu amene zinabwera kudzawabera.

"Thandizeni! Tifa kuno! Ba neba!"

Wailesi inazima. Anthu oyandikana nawo anathamanga ndi ndowa poganiza kuti nyumba ikupsa, ndipo woyamba kufika anakhuthulira madzi onse pankhope ya Jenerali. Mlonda wa nyumba ina anakankha chitseko ndi phewa. Atatuwo anatuluka chokwawa n'kugwera pa kapinga, akulira ngati ana obatizidwa.

Humphrey atapukuta maso anaona Prudence, tsitsi theka lolukidwa, woluka ali pambuyo pake ndi chipeso. Loweruka limenelo saluni ndiyo inabwera kunyumba. Anadzuka, nafuna kufa ngati msilikali.

"Inde, ndine! Nabwera kutenga poto ya amai anga yamene munaba! Imwe olemera muganiza..."

"Humphrey."

Mawuwo unawadziwa msana wake mutu usanawadziwe. Kuseri kwa Prudence kunatuluka mayi wovala chitenge chatsopano, duku lomangidwa mwaluso, masaya opakidwa ufa wa kumaso. Zinamutengera kanthawi kuti azindikire amake, pakuti anali asanawaonepo ali ndi nsidze zojambula.

Amai Eness sanamuyang'anenso. Analowa m'khitchini muja, utsi ukuwapatukira, n'kutuluka ndi poto atagwira ndi nsanza. Anamuika pakati pa bwalo. Chinthu chimene chinali m'katimo chinali chakuda pansi, chobiriwira pamwamba, mthiko wothyoka uli njo.

"Ndani anakamba kuti poto yabedwa?"

"Amai, nenze kumenyera chilungamo..."

"Chilungamo unachiona kuti, iwe ugona mpaka dzuwa ifike pamutu? Manja yamene uona mu ma vidiyo, yotakasa, uganiza ni ya ndani? Ya uyu, na nzala zake zopenta izi?"

Prudence anabisa zala kumbuyo. Anthu ena anaseka.

"Miyezi yonse iyi manja ni yanga, poto ni yanga, dzina ni yake," anapitiriza amai Eness. "Nakangana naye, nakana kuphika, mpaka wavomera. Lelo ndiye siku yakuti nkhope yanga ioneke, anthu amve kuti chikanda ni cha Eness wa ku Makululu. Chilungamo nenze nachiphika kale neka, chenze pafupi kupsa. Ndiye iwe wabwera kufakamo soda!"

Kapenta anayamba kukwawira kugeti mwakachetechete, koma mlonda anamuponda kabudula. Sipanala anaika chogwirira chija pansi mwaulemu, ngati chopereka cha ku tchalitchi. Prudence anakweza foni n'kufunsa mwamantha ngati aitane apolisi.

"Apolisi abwera pambuyo, ine nikasiriza," anatero amai Eness. Anazula theka la mthiko m'chikanda muja, chinthucho chikulira ngati nsapato yotuluka m'matope, n'kuliloza pamphuno ya mwana wawo. "Nsidze nazijambula, chitenge nagula, azimai onse a ku mpingo ali pa foni ayembekeza. Manje niuze, Jenerali wa vinsimbi, niimirire pafupi na ichi nikambe kuti ni chani? Usayang'ane pansi. Yankha!"