Komiti ya Pakhomo pa a Chipulikano

Aliyense amene anakhalako ku Ndirande m'zaka za m'ma 2000 akudziwa kuti pakhomo pa malemu a Laurenti Chipulikano nkhuku sinkaphedwa popanda msonkhano. Musaseke. Tambala wina anakalamba mpaka kuchita khungu akudikira chigamulo cha komiti, ndipo atadzifera yekha, a Laurenti anangoti, "Nkhaniyi yadzithera yokha. Tipite pa mfundo yotsatira."

Matendawa anawatengera kuntchito. Moyo wawo wonse anali kalaliki wosunga mafayilo pa koleji ina ya yunivesite, m'kachipinda kopanda zenera momwe munkagona malipoti ndi maminitsi a misonkhano ya akuluakulu. Atatsala pang'ono kupuma ntchito anamva kuti mapepala akale aotchedwa kuti m'chipindamo mulowe makompyuta. Anapempha chilolezo, nachita hayala galimoto. Anzawo popuma ankabwera ndi malata kapena njinga. Mayi Kristina, akazi awo, analandira makatoni.

"Bambo a Brenda, zimenezi tizidya?"

"Iyi ndi mbiri ya dziko, mayi. Sunthani mphasayo."

Makatoni anadzaza kuchipinda cha alendo, nalowa pansi pa bedi, ena n'kukwera pa kabati. Madzulo aliwonse akadya, a Laurenti ankavala magalasi n'kumawerengera mkazi wawo mokweza lipoti la komiti yoona za malo ogona ophunzira. "Tamverani Chingerezi ichi! Anthu anakangana miyezi ndi miyezi za mabulangete, koma mwaulemu." Mayi Kristina ankasankha nyemba osayankha, moti aliyense akadati mawuwo akungodutsa pamutu.

Tsiku lina kumsika a Laurenti anapeza Abdula wa tchipisi akukulunga malonda ake m'pepala lokhala ndi chidindo cha yunivesite. Anaima ngati aona njoka.

"Mwana iwe, ili ndi lipoti la malamulo a mayeso! Tsamba lotsatira lili kuti?"

"Madala, gulani tchipisi china mulipeza."

Anagula. Anagulanso. Sabata imeneyo ana a m'dera lonse ananona ndi tchipisi chaulere, ndipo lipoti lija linalowa m'katoni lathunthu, likununkha mafuta ndi tsabola.

Zonsezi Mayi Kristina ankazipirira. Chimene chinawatayitsa mtima ndi nkhani ya Brenda, mwana wawo mmodzi yekhayo. Brenda anapeza bwenzi lake: Bernard, mnyamata waulemu wa ku Rumphi, wogwira ntchito m'boma. Ankhoswe a Bernard anabwera atavala masuti. A Laurenti anawalandira bwino, nawapatsa tiyi, kenako n'kunena kuti, "Pempho lanu talandira. Likambidwa pa msonkhano wotsatira."

Pa msonkhano wotsatira anati anthu sanakwane. Pa winawo anasankha komiti yaing'ono yoti ikafufuze ngati ku Rumphi kumadwalitsa chifuwa. Komiti yaing'onoyo inali iwo omwe. Ankhoswe aja anakwera maminibasi a ku Ndirande mpaka makondakitala anayamba kuwaitana kuti "apongozi".

Kenako Bernard anauzidwa kuti akumusamutsira ku Mzuzu mvula isanayambe. Akulu ake anati atopa: ngati ku Ndirande sakufuna, atsikana kwawo aliko. Brenda analira kukhitchini mpaka maso kutupa.

Mayi Kristina ankawadziwa amuna awo. Ankaona momwe ankaimira pageti madzulo mpaka Brenda atatsika minibasi, n'kumanamizira kuti akuona mitambo. Bambowo sankadana ndi Bernard. Ankangoopa tsiku limene pageti sipadzakhala womudikira. Koma mantha a bambo si chifukwa choti mwana akalambire pakhomo.

Lamlungu pochokera ku Misa, mayiwo anaitana msonkhano okha. Anabwera azakhali a Brenda a ku Machinjiri, a Rafaeli a kulimana la kutchalitchi, ndi ankhoswe aja. A Laurenti anasangalala kuona anthu atakwana chonchi, navala tayi, nakhala pampando wawo.

"Mfundo yoyamba: denga la bafa."

Mayi Kristina anakweza dzanja. "A wapampando, tisanapitirire. Kodi munthu amene nkhani ikumukhudza mwachindunji amaloledwa kukhala nawo pokambirana?"

A Laurenti anawalitsa nkhope. Zaka zonsezi, lero mkazi wawo wafunsa funso la nzeru! "Ayi ndithu, membala wolemekezeka. Ameneyo amaulula yekha kuti nkhaniyo ikumukhudza, n'kutuluka panja mpaka anzake atamaliza. Lamulo limenelo ndi msana wa komiti iliyonse."

"Zikomo. Ndiye ndikupempha kuti tiyambe ndi nkhani ya Brenda. A wapampando, Brenda ndi ndani wanu?"

A Rafaeli anayamba kuyang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka.

"Koma inunso ndinu mayi ake!"

"N'chifukwa chake nanenso ndikutuluka. Tiyeni. Azakhali agwirizira mpando."

A Laurenti anayang'ana makatoni awo ngati angawapulumutse, koma makatoniwo anali mbali ya mayi. Anadzuka, nakonza tayi, natuluka.

Awiriwo anakhala pa benchi pansi pa mpapaya. M'nyumba munkamveka kuseka.

"Ndiye munkamva zonse ndinkawerenga zija?" anafunsa a Laurenti.

"Nyemba zilibe phokoso, bambo."

Kenako a Laurenti anati motsitsa mawu: "Ku Mzuzu n'kutali, Kristina."

"Basi imafika. Ine munanditenga ku Nsanje, bambo anga anafa nazo?"

Nthungululu itamveka m'nyumba, a Laurenti anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale analibe fumbi. Atawaitana anamva chigamulo choti ukwati uchitike ataimirira, nati, "Ndondomeko yatsatidwa. Sindingatsutse." Bernard, yemwe ankadikira pageti, atalowa, anamugwira dzanja osafuna kulisiya.

Pa ukwati anthu anakonzeka kugona, poti bambo a mkwatibwi anapatsidwa mwayi wolankhula. Ophika anabwezera mpunga pamoto. A Laurenti anaimirira, nayang'ana mwana wawo, nati, "Bernard, ameneyu sakonda kudzutsidwa ndi phokoso. Muzimuitana pang'onopang'ono." Nakhala pansi. Mpaka lero ku Ndirande amati ndi chozizwitsa chokhacho chimene anachiona ndi maso.

A Laurenti anakhala zaka zina zingapo, nakwera basi ya ku Mzuzu kangapo kukanyamula mdzukulu, yemwe ankamutcha "membala watsopano". Anatisiya mwakachetechete nyengo yozizira ina, atadwala masiku ochepa.

Chichokereni iwo, mikangano ya pa mpopi imatha ndi kutukwanizana, palibenso woti aimike anthu n'kufunsa kuti wapereka ganizoli ndani ndipo wavomereza ndani. Misonkhano ya kulimana imatha dzuwa likadali pamutu, anthu n'kumangoyang'anana, osadziwa kopita. Azimayi anzawo akawauza Mayi Kristina kuti tsopano apumula, iwo amaseka, kenako amapukusa mutu.

"Masiku ano ndikaganiza chinthu m'mawa, pofika masana chachitika," amatero. "Sichikoma ayi."