Chikuku cha Apongozi ndi Matabwa Anga Awiri

Anzanga, inu mumandidziwa kuti ine Mtonga ndine munthu wa tepi. Zaka zonse zimene ndinagwira ulangizi wa zaulimi ku Chikomeni, tepi yoyezera sinkachoka m'thumba mwanga, ndipo alimi a fodya akangondiona ndikubwera pa njinga ankayamba kuwongola mizere ndi mapazi. Ndiye mukamva kuti munthu wotereyu anatsala pang'ono kugwetsa apongozi ake chagada pamaso pa mpingo wonse, musafulumire kuseka, imvani kaye mmene zinayambira, chifukwa zinayamba bwinobwino.

Munali m'zaka za m'ma 1990. Apongozi anga aakazi, Anyazimba, anagwira ntchito yothandiza azamba pa chipatala cha mishoni cha kwathuko zaka zambirimbiri, moti anthu ochuluka a m'dera lija anafikira m'manja mwawo pobadwa. Kenako anadwala sitiroko, mwendo wakumanzere n'kuyamba kukana. M'nyumba ankayenda ndi ndodo chokwekwereza, koma kunja anasiya kutuluka zaka ziwiri zathunthu, ngakhale kutchalitchi komwe. Chifukwa chake chinali chimodzi basi. Sankafuna kuti anthu amene iwo anawasambitsa ali makanda awaone akunyamulidwa ngati thumba la chimanga.

Tsiku lina tinamva kuti kuchipatala kuja akonza chipinda choonetseramo zinthu zakale za ntchito yawo, majekeseni agalasi aja ankawawiritsa mumphika, sikelo ya makanda, nyali, zithunzi za antchito akale, ndipo adzatsegula Loweruka. Wina anawanong'oneza apongozi kuti pakhoma palinso chithunzi chawo ali mtsikana. Tsiku lomwelo anatiitanitsa, n'kumuuza mkazi wanga, amake Temwa, kuti akufuna akadzione ndi maso awo, koma ngati kuli konyamulidwa, bola akhale.

Tsono mwambo wa kwathu ku Lundazi mukuudziwa. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, sakhala mphasa imodzi, zokhudzana ndiye musatchule n'komwe. Zaka khumi ndi chimodzi ndili pabanja, mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga, ngakhale tikumvana bwinobwino. Ndiye ine, nditakhala kutali pansi pa mango, ndinati kwa mkazi wanga, "Auzeni amama kuti palibe amene adzawanyamule. Adzalowa atakhala, ngati bwana." Iwo anayankha akuyang'ana nkhuku kuti yewo, zikomo ya kwathu, amva. Pakamwa panga pamenepo panandipachika.

Lachinayi ndinapalasa njinga kukaona malo, tepi, pensulo ndi kabuku m'thumba. Masitepe atatu olowera m'chipindamo, ndinayeza. Chitseko, ndinayeza. Kuchoka poima galimoto kufika pakhonde ndinawerenga mapazi, chimbudzi chomwe ndinakachiyeza mpaka mayi wina anandifunsa ngati andituma a boma. Ndiye pakhonde pomwepo, pafupi ndi chitseko, maso anga anagwera pa chikuku, mpando wa matayala uja wokankhira odwala, chathabwa, chopukutidwa mpaka kunyezimira. Mtima wanga unangoti myaa! Ndinati anthu awa ndi oganiza, akonzeratu cha alendo ovutika kuyenda. M'kati ankapaka polishi pansi, sisitala woyang'anira ali jijirijijiri, ndiye ndinati ndimuvutitsirenji ndi mafunso munthu wotanganidwa? Ndinayeza kuchoka pa tayala lakumanja kufika lakumanzere, ndinalemba m'kabuku, ndinakwera njinga ndikuimba mluzu.

Kunyumba ndinazula matabwa awiri pa chigafa cha fodya, kuwakhomerera mipingiridzo kumutu ndi kumiyendo, lina la tayala lakumanja, lina la tayala lakumanzere, pakati n'kusiya mpata, poti thabwa lachitatu kukanakhala kuwononga chabe. Ndinayendapo kangapo, kudumphapo, osagwedera. Ndinanyada, anzanga, sindikubisirani.

Loweruka mnzanga wina anatitenga pa vaneti yake, apongozi ndi mkazi wanga kutsogolo, ine kumbuyo nditakumbatira matabwa anga. Apongozi anavala diresi lawo la buluu losungidwa m'sutikesi ndi duku loyera. Tikufika, anthu ali mbwee, amayi a mpingo atakhala mzere m'mbali mwa khonde, ena atayamba kale kuloza kuti si Anyazimba awo? Ndinatsika mwachangu, kuyang'ana pakhonde, chikuku palibe!

Thukuta linayambira pomwepo. Ndinasuzumira m'kati, n'kuchiona pakona, atachitchingira ndi chingwe, kapepala kakulendewera pa chogwirira. Kodi munthu wanzeru akanatani? Akanawerenga kapepalako, si choncho? Ine ayi. Ndinati chingwechi n'choti ana asachiseweretse, kapepala ndinakathothola n'kukaponya m'thumba la shati osakayang'ana, sisitala ali kumapeto kwa chipinda akufotokozera alendo za sikelo, ine kudumpha chingwe, kuchinyamula chikuku pachifuwa, kutsika nacho masitepe mpaka pa vaneti. Kulemera kwake ngati ng'ombe yakufa, koma ndani anali ndi nthawi yodabwa? Ndinabwerera kukayala matabwa anga pamasitepe, anakwana ndendende.

Apongozi atachiona chikuku chija anachiyang'anitsitsa kuyambira kumatayala mpaka kuchogwirira. Kenako, akuyang'ana pansi, anauza mkazi wanga kuti andifunse ngati eni ake achita kundipatsa. Funsolo ndinalimva bwinobwino, ndipo lero ndikudziwa kuti kwa munthu amene mwambo sumulola kukudzudzula maso ndi maso, funso lofatsa ngati limenelo ndiye kukuwa kwake. Koma ine ndinangoti, "Auzeni amama kuti zonse n'zokonzedwa." Akanakana bwanji anthu akuyang'ana, osandichititsa manyazi mkamwini wawo? Mwana wawo anawagwira mkono, iwo anakhalapo mwaulemu, manja pamiyendo.

Titafika pafupi ndi masitepe, mkazi wanga, amene ankakankha chikuku, anakumbuka kuti ndodo yatsala m'vaneti, ndipo vaneti inali itasuntha kale kukaima pamthunzi kuseri kwa tchalitchi. Anati ndidikire, abwera pompano. Ndikanadikira! Koma maso onse anali pa ine, ndipo ndinadziuza kuti kugwira chogwirira si kukhudza apongozi, mwambo suletsa. Ndinafuna kuti mkazi wanga pobwera apeze ntchito yatha.

Ndinakankha. Matayala awiri aakulu akutsogolo anakwera pa matabwa bwinobwino, aliyense pake, ine mumtima n'kumati tepi sinama. Kenako pansi panamveka kuti gu! Chikuku chinaima, n'kupendekera kumbuyo, kwa ine. Ndinasuzumira pakati pa miyendo yanga, ndipo mayo ine, kunali katayala kachitatu, kakang'ono, kobisala kumbuyo pakatikati penipeni, ndipo kanali katadumpha mpingiridzo n'kugwera mumpata uja ndinasiya posunga thabwa. Kutsogolo kwakwera, kumbuyo kwatsala pansi.

Munthu wanzeru akanaima. Ine ndinati ndikankhe mwamphamvu kamodzi kokha, kadumpha. Chinamveka ndi thyo! Katayala kanathyoka, n'kugubuduzika pang'onopang'ono mpaka kukaima pamapazi pa amayi a mpingo. Chikuku chonse chinandigwera, ine bondo limodzi pansi, ndipo mutu wa apongozi anga, anthu amene kwa zaka khumi ndi chimodzi sindinawapatsepo ngakhale kapu m'manja, unali pachifuwa panga, duku lawo likundikhudza chibwano.

Apa ndiye zinavuta, anzanga. Tayala lachitatu tsopano ndinali ine. Ndikasiya, agwa chagada, mutu pamiyala, munthu wodwala kale sitiroko. Ndikagwirabe, ndawakumbatira apongozi pamaso pa mpingo. Kuwalankhula sindingathe, woti andilankhulire ali kuseri kwa tchalitchi. Ndinayang'ana kumwamba kuti mwina ndisawaone, n'kuyesa kuitana amake Temwa, koma mawu anatuluka ngati a mbuzi yomangidwa pakhosi. Mikono inayamba kunjenjemera. Amayi aja ena anagwira pakamwa, ena anatembenuka kuyang'ana khoma, panalibe woseka ngakhale mmodzi, ndipo bola akanaseka.

Sisitala anatulukira pakhomo akufunsa mokweza kuti ndani wachotsa chikuku pamalo pake, chikuku choyamba cha chipatala, chokalamba kuposa aliyense amene anali pamenepo. Atationa anangoima pomwepo. Nthawi yomweyo amuna awiri anabwera akupinda malaya, wina akuti tiwanyamule agogo, iwe gwira miyendo.

Ndinamva thupi la apongozi likuuma gwa pachifuwa panga. Kugwa ndinkakuopa, koma ichi chinandiwawa koposa. Zaka ziwiri adzitsekera m'nyumba pothawa chinthu chimenechi, ine ndi pakamwa panga ndawatulutsa, n'kudzawapereka kwa icho anthu onse akuona. Manyazi anandigwira mpaka misozi inalengeza. Ndinauza amuna aja kuti asawakhudze, ngakhale sindinkadziwa kuti mikono yanga ipirira mpaka liti.

Ndiye pansi pa chibwano changa panamveka mawu, ofatsa, osadzera mwa munthu aliyense.

"A Mtonga, lekani kunjenjemera, mukundigwedeza mutu. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono."

Ndinabwerera chokwawa mpaka matayala anafika pansi. Anauza amuna aja kuti agwire chikuku, osati iwo, ndipo wina achotse matabwawo asanaphe munthu. Kenako anandiitana kuti ndibwere mbali ya mwendo wodwala.

"Phewa," anatero.

"Amama, nanga mwambo?"

"Mwambo mwauthyolera limodzi ndi tayala. Phewa."

Ndinawerama, iwo anaika dzanja paphewa langa, zala n'kulowa mpaka pafupa, n'kudzuka. Masitepe atatu aja ndinawayeza ndi tepi, koma sindinadziwe kutalika kwake mpaka tsiku limenelo. Mwendo wabwino patsogolo, winawo kuukoka, kupuma. Pa sitepe yachiwiri bondo lawo linagwedera, mmodzi wa amuna aja anatambasula dzanja, iwo anangomuyang'ana kamodzi, dzanja linabwerera lokha. Pabwalo ponse pankangomveka nsapato yawo ikukwekwereza pa simenti. Atapondetsa mapazi onse awiri pakhonde, nthungululu zinabuka, amayi ena akulira, ena akuitana dzina lawo. Mkazi wanga anafika nthawi yomweyo ndodo ili m'manja, n'kupeza amayi ake atatsamira mwamuna wake, anangoti kukamwa yasa.

M'kati anayenda ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, kugwira ichi, kuyang'ana icho. Pa tebulo panali kalipenga kamtengo komvetsera mtima wa mwana ali m'mimba, ndipo atakaona anaima, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya duku. Sisitala, ngakhale anali atandikwiyira, anawalola kuti akagwire. Kenako tinafika pa chithunzi chija. Analidi iwo, mtsikana wowongoka, epuloni yoyera, ataima kumbuyo kwa chikuku chomwechija, bondo limodzi atachichirikiza nalo.

Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine, maso ndi maso.

"Mukuliona bondolo? Katayala kaja kanali kovuta kuyambira kale. Tinachisiya chikukuchi chitandigwetsa ine ndili woyembekezera mkazi wanuyu. Lero ndimati mwabwera kudzamalizitsa."

Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka, ine ndikufunafuna pobisa nkhope. Sisitala anatambasula dzanja kuti ndimubwezere kapepala kake. Ndinakatulutsa m'thumba katanyowa ndi thukuta, iye n'kundiuza kuti ndikawerenge mokweza, anthu amve. Ndinawerenga, ine mlangizi wa tepi, mawu akuluakulu olembedwa ndi inki yofiira: "Chikuku cha matayala atatu, choyamba pa chipatala chino. Chonde musakhudze."

Lolemba ndinamangirira katayala kaja pa njinga mpaka ku boma kukawotcherera, ndipo sabata yomweyo ndinapita ndi nkhuku kwa apongozi kukapepesa. Nkhuku analandira, mawa lake anapita kutchalitchi ndi ndodo yawo, phewa la mwana wawo likuthandiza. Koma chiyambire tsiku lija anasiya kudzera mwa mkazi wanga, amandilankhula okha, ndipo nthawi zina ndimaulakalaka mwambo uja. Mpaka lero ndikangofika pakhomo pawo n'kutsamiritsa njinga pa mango, moni asanapereke, amafunsa kaye ngati matayala ndawawerenga.

Tepi ndikadali nayo, koma chinthu chotchingidwa ndi chingwe sindichiyandikiranso, olo chitanyezimira bwanji. Ndipo munthu wamkulu akandifunsa funso lofatsa akuyang'ana pansi, ndimasiya zonse zimene ndagwira n'kuyamba kusuzumira kunsi.